Von Trotha: Mkulu wa Nkhondo Amene Anapha Anthu ndi Ludzu

Madzulo ano tikambe za munthu amene dzina lake silinaiwalike m'dziko la Namibia, limene kale linatchedwa South West Africa.

Lothar von Trotha anabadwa ku Magdeburg, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1848. Analowa usilikari ali mnyamata, namenya nkhondo ku France, kum'mawa kwa Africa ndi ku China. M'January 1904 Aherero, ndiwo anthu oweta ng'ombe, anaukira Ajeremani amene anali kuwalanda mabusa ndi zoweta. Mfumu yao inali Samuel Maharero. Bwanamkubwa Theodor Leutwein anafuna kupangana nao mtendere, koma mfumu ya Ajeremani, Wilhelm II, inatumiza von Trotha.

Pa 11 August, 1904 iye anawathira nkhondo ndi mizinga pa phiri la Waterberg. Aherero anagonja, nathawira m'chipululu cha Omaheke pamodzi ndi akazi, ana ndi ng'ombe. Taonani tsono: nkhondo anaipambana, koma kupha sanaleke. Anaika asilikari pa zitsime za m'mphepete mwa chipululucho kuti munthu asabwerere. Pa 2 October analemba lamulo lakuti Mherero aliyense wopezeka m'dzikomo, wamfuti kapena wopanda mfuti, aomberedwe, ndipo akazi ndi ana apirikitsidwe kumka konko.

Inu amene munayendapo ulendo pa dzuwa la October mudziwa ludzu. Anthu aja anakumba maenje akuya kufuna madzi, ndipo ambiri anafera pa maenje omwewo. Maharero ndi anthu owerengeka anatulukira ku Bechuanaland.

M'December Boma la ku Berlin linafafaniza lamulolo, koma otsala anawatsekera m'misasa ya ukaidi. Pa chisumbu cha Shark Island, pafupi ndi Lüderitz, Aherero ndi Anama ambiri anafa ndi njala, mphepo yozizira ndi ntchito yakalavula gaga. Aherero anali ngati 80,000 nkhondo isanayambe. Powawerenga mu 1911 anapezeka ngati 15,000 okha.

Nanga mwini wakeyo? Anabwerera kwao mu 1905 atalandira mendulo yaulemu, namwalira ku Bonn mu 1920 osaimapo pa bwalo la milandu. Boma la Germany linavomera mu 2021 kuti kumeneko kunali kufuna kutha mtundu wa anthu. Mlandu suola, koma onse amene anauona ndi maso anali atapita kale.