Mbili ya cizindikilo cimene cimauza kompyuta kuti pa disiki pali zakale

Kompyuta ikatiuza kuti yatsiliza kukopela failo, nthawi zambili imakhala isanatsilize. Si kuti yawonongeka ayi. Ni mmene akatswili anaikonzela zaka zoposa 50 zapitazo. Mawu amene tajambula kapena kalata imene talemba zimayamba zakhala mu RAM, malo a kanthawi cabe amene amafufutika malaiti akangopita. Pa nthawiyo, pa disiki pamakhala pakali zakale, mwina palibenso ciliconse. Amene amadziwa kusiyana kumeneku ni kernel, mbali ya mkati ya operating system imene imayang'anila RAM, madisiki na zipangizo zonse. Ise amene timanyamula mawu a anthu pa mafulashi kupita nawo ku wailesi, m'dziko limene cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba n'kusiya anthu opanda malaiti kwa maola ambili pa tsiku, tifunika kuidziwa mbili imeneyi.

Tiyambe na citsanzo ca pafupi. Mwini kantemba akakongoza munthu shuga, sathamangila buku lalikulu nthawi yomweyo. Amalemba pa kapepala, ndipo madzulo amasamutsila zonse m'buku. Kucokela m'mawa mpaka madzulo, buku lija limakamba za dzulo. Kapepala kakatayika masana, nkhongole za tsikulo zapita. Nanga alekelanji kulemba m'buku nthawi zonse? Cifukwa makasitomala angaime pamzele mpaka kutopa. Kernel nayo inasankha kapepala pa cifukwa cimodzimodzi. Disiki yozungulila imatenga mamilisekondi angapo kuti ipeze malo olembapo, pamene RAM imayankha mwamsanga kuwilikiza nthawi masauzande ambili.

Vutoli linaonekela poyela ku yunivesiti ya Manchester ku England. Mu 1962, gulu lotsogoleledwa na Tom Kilburn linayambitsa kompyuta yochedwa Atlas. Malo ake othamanga osungilamo zinthu anali ocepa, conco anagawa zonse m'zigawo zofanana zochedwa mapeji, iliyonse ya mawu 512 a makina. Peji yofunika inali kukopedwa kucoka pa dilamu yozungulila kupita m'malo othamanga, ndipo yosafunika inali kubwezedwa. Kucokela pamenepo, cinthu cimodzi cinayamba kukhala na makope awili, ndipo funso linabadwa: pa awiliwa, loona ni liti? Makina amene anabwela pambuyo pake anayankha mwa kuika kacizindikilo pa peji iliyonse. Peji ikasinthidwa, cizindikilo cimayaka. Pa Cizungu amacichula kuti dirty bit, kutanthauza kuti pejiyo "yada", yasiyana na mnzake wa pa disiki. M'mapulosesa a Intel kuyambila pa 80386 ya mu 1985, pulosesa yeniyeniyo ndiyo imayatsa cizindikiloci popanda kupemphedwa.

Ku Bell Labs ku America, Ken Thompson na Dennis Ritchie anayamba kupanga Unix mu 1969. Mu Unix ya cisanu na cimodzi, ya mu 1975, kernel inali kusunga mu RAM tizigawo ta disiki timene tagwilitsidwa nchito posacedwa. Kacigawo kakasinthidwa, kanali kupatsidwa cizindikilo cochedwa B_DELWRI, kutanthauza kuti kalembedwa pambuyo pake. Phindu lake linali lalikulu. Ngati pulogilamu yasintha malo amodzi maulendo 20, disiki inali kulembedwa kamodzi cabe. Koma panafunika womakumbutsa. Conco panali kapulogilamu kochedwa update, kamene nchito yake inali imodzi: pa masekondi 30 alionse kanali kuitana lamulo la sync, louza kernel kuti itule pa disiki zonse zimene ili nazo. Oyang'anila makina a nthawiyo anafika pozolowela kutaipa sync katatu asanazime kompyuta. Cifukwa cake n'cakuti sync inali kungoyambitsa nchito yolemba, osati kuiyembekezela, ndipo nthawi yotaipa kaciwili na kacitatu inali kupatsa disiki mpata wotsiliza.

Masekondi 30 ni ocepa kwa wolemba kalata, koma kwa banki kapena ofesi yosunga maina a anthu ni ambili. Mu 1983, Unix ya ku yunivesiti ya California ku Berkeley, yochedwa 4.2BSD, inabweletsa lamulo lina lochedwa fsync. Pulogilamu ikaitana fsync, imauza kernel kuti: failo iyi ilembe tsopano, ndipo usaniyankhe mpaka ifike pa disiki. Apa panakhala pangano. Kernel ingacedwetse zina zonse mmene ifunila, koma ikavomela fsync, ndiye kuti zinthu zafikadi. Mapulogilamu osunga nkhokwe za zinthu zofunika anamangidwa pa lonjezo limeneli.

Linux, imene Linus Torvalds anayamba ku Helsinki mu 1991, inatengela nzelu zomwezi, ndipo lelo ili mkati mwa foni iliyonse ya Android. Mu Linux, mafailo amasungidwa mu RAM m'mapeji amene nthawi zambili amakhala a mabaiti 4096. Peji iliyonse ili na zizindikilo zingapo, koma ziwili n'zimene zikhudza nkhani yathu. Coyamba, cochedwa uptodate, cimakamba kuti zimene zili m'pejiyo n'zodalilika, zingawelengedwe. Ngati palibe cizindikiloci, kernel imapita kukatenga pa disiki. Caciwili ni dirty, cimene cimakamba kuti pejiyo ili na zatsopano zimene disiki ikalibe. Ngati munthu sanasinthe ciliconse, kernel imadzutsa olemba ake pa masekondi 5 alionse, ndipo amalemba mapeji amene akhala akuda kwa masekondi oposa 30. Nambala ya Unix yakale ija ikalipo. Palinso malile a kuculuka. Mapeji akuda akafika 10 pelesenti ya RAM imene ilipo, kernel imayamba kulemba mwakacetecete. Akafika 20 pelesenti, imacedwetsa pulogilamu imene ikulemba. Pa kompyuta ya RAM yaikulu, zimenezi zitanthauza kuti pulogilamu yonse ya pa wailesi ingakwane mu RAM fulashi isanalandile olo theka. N'cifukwa cake kukopela kumaoneka kothamanga, koma kucotsa fulashi mwadongosolo kumatenga nthawi. Wofuna kuona na maso angatsegule failo ya /proc/meminfo n'kuyang'ana mzele wolembedwa Dirty.

Dongosolo limeneli linayesedwa kowopsa kumayambililo kwa 2009. Linux inali itangolandila njila yatsopano yosanjila mafailo pa disiki, yochedwa ext4. Njila yakale, ext3, inali kutula zinthu pa masekondi 5 alionse, ndipo inali kulemba zam'kati mwa failo isanalembe dzina na malo ake. Ext4 inayamba kucedwetsa kusankha malo a failo pa disiki kuti iwasankhe bwino. Anthu amene anali kuyesa Ubuntu 9.04 anayamba kudandaula kuti makina akazima mwadzidzidzi, mafailo ena anali kupezeka alibe kanthu mkati. Cinali kucitika n'ciani? Mapulogilamu ambili anali kulemba failo yatsopano, kenako n'kuipatsa dzina la yakale, popanda kuitana fsync. Dzina linali kufika pa disiki mwamsanga, zam'kati zikali mu RAM. Malaiti akapita pakati apo, yakale yapita, yatsopano sinafike. Theodore Ts'o, woyang'anila ext4, anafotokoza kuti malamulo a POSIX salonjeza ciliconse kwa pulogilamu yosaitana fsync. Mwalamulo anali kunena zoona. Koma olemba mapulogilamu anayankha kuti munthu angavomele kutaya nchito ya mphindi imodzi, osati failo yonse imene inali bwinobwino dzulo. Mu Linux 2.6.30 ya mu June 2009, ext4 inakonzedwa kuti ikaona kacitidwe kameneka, izilemba zam'kati coyamba.

Nkhani yaikulu kwambili inabuka mu March 2018, ndipo inakhudza pangano lenileni la fsync. Craig Ringer, mmodzi wa akatswili a PostgreSQL, pulogilamu yosunga nkhokwe za zinthu imene makampani na maboma ambili amagwilitsila nchito, analemba zimene anapeza pofufuza zinthu zowonongeka. Kernel ya Linux ikayesa kulemba peji yakuda koma disiki n'kukana, inali kuzima cizindikilo ca dirty. Pejiyo inali kuoneka yoyela, ngakhale kuti sinafike pa disiki. Fsync yoyamba inali kunena kuti pali vuto. Poona zimenezi, PostgreSQL inali kuyembekezela pang'ono n'kuyesanso, monga mmene aliyense wa ife angacitile. Fsync yaciwili inali kuyang'ana, osapeza peji yakuda iliyonse, n'kuyankha kuti zonse zili bwino. Zatsopano zinali mu RAM cabe, zakale zili pa disiki, ndipo panalibenso cizindikilo cokumbutsa aliyense. RAM ikafunika pa nchito ina, pejiyo inali kutayidwa mwakacetecete.

N'cifukwa ciani kernel inali kucita zimenezi? Akatswili a Linux anapeleka cifukwa cimene ife timacidziwa bwino kuposa ambili: fulashi yozulidwa pakati pa nchito. Munthu akazula fulashi n'kupita nayo, mapeji ake akuda alibenso kolembedwa. Kernel ikawasunga akuda, angakhale mu RAM mpaka kalekale, ndipo kompyuta yonse ingatsamwe. Opanga FreeBSD, mbadwa ina ya Unix ya ku Berkeley, anasankha mosiyana: kulemba kukalephela, pejiyo imakhalabe yakuda kuti iyesedwenso. Conco mafunso anali awili, ndipo onse anali na maziko. Kodi titeteze makina kuti asatsamwe, kapena titeteze zinthu za munthu mmodzi amene disiki yake yadwala?

Panalinso vuto la amene ayenela kumva uthenga woipawo. Failo imodzi ingatsegulidwe na mapulogilamu angapo. Kale, woyamba kufunsa ndiye anali kumva za vutolo, ndipo otsatila anali kuuzidwa kuti kuli bwino. Mu Linux 4.13 ya mu 2017, Jeff Layton anabweletsa njila yochedwa errseq, yowelengela zolakwa na manambala. Aliyense amene watsegula failo amasunga nambala imene anaiona komaliza, ndipo ikasiyana na ya tsopano amauzidwa kuti cinacake cinalakwika. Koma wotsegula failo vuto litacitika kale sanali kuuzidwa, ndipo umu ni mmene PostgreSQL inali kugwilila nchito kawilikawili. Mu 2018 Matthew Wilcox anakonza zimenezi, kuti colakwa cimene palibe anacimvapo ciziyembekezela munthu woyamba kubwela. Nawonso a PostgreSQL anasintha. Kuyambila m'makope amene anatuluka mu February 2019, fsync ikalephela, pulogilamu imadziimitsa yokha nthawi yomweyo. Ikayambanso, imawelenga buku lake lapadela mmene imalemba zosintha zonse zisanacitike, n'kuzibweleza. Anaona kuti kuima poyela kuli bwino kusiyana na kupitiliza na zinthu zabodza.

Tikaiyang'ana yonse mbili iyi, tiona kuti kuyatsa cizindikilo sikunavutepo. Covuta cakhala kudziwa nthawi yocizima, komanso kuuza ndani zinthu zikakanika. Nthawi zonse pamene anthu anataya zinthu, mu 2009 komanso mu 2018, mbali iliyonse inali kutsatila malamulo mmene inawamvelela. Cinasowa ni kumvana pa tanthauzo la liwu lakuti "zatheka".

Kwa ife, phunzilo lake n'logwilika na manja. Batani la eject si mwambo cabe. Limauza kernel kuti itule mapeji onse akuda, ndipo likacedwa ndiye kuti panalidi zotsala. Microsoft inasintha Windows 10 kuyambila pa kope la 1809 kuti isamasunge kwambili mu RAM zopita pa fulashi, koma olo pamenepo, kuzula kukopela kukali mkati kumawononga failo. Pa Linux, kutaipa sync kamodzi n'kokwanila masiku ano, cifukwa imayembekezela mpaka kulemba kuthe. Laputopu ya batili yabwino imapatsa kernel masekondi ake 30 malaiti akapita, pamene kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS siipatsa olo imodzi.

Cina cimene ambili sadziwa ni ici. Tikakopela mawu pa fulashi n'kuwaliza pa kompyuta yomweyo kuti titsimikize, nthawi zambili timamvela kope la mu RAM, osati la pa fulashi. Peji ija ili na cizindikilo ca uptodate, conco kernel ilibe cifukwa copitila ku fulashi. Kuti titsimikizedi, tifunika kucotsa fulashi mwadongosolo, kuilowetsanso kapena kuiika pa makina ena, ndiyeno n'kumvetsela. Mawu a agogo ofotokoza mbili ya mudzi wawo sajambulidwa kawili, ndipo mphindi imodzi yotsimikizila si yaikulu poyelekezela na ulendo wobwelela kumudziko.