Ankhoswe a pa intaneti: zimene zimachitika kachizindikiro kaja kakamazungulira

Kuno ku Perth kwacha kale, koma kumudzi anthu akadali m'tulo, pajatu tili patsogolo ndi maola 6.

Mwezi watha mchemwali wanga anali ndi chinkhoswe ku Mchinji. Ine ndinalephera kupita, tikiti ya ndege mukuidziwa nokha. Ndiye msuweni wanga ananditumizira link kuti ndionere pa vidiyo. Nthawi ili 8 koloko usiku kuno, 2 koloko masana kumudzi, ndinadina. Kachizindikiro kaja kanayamba kuzungulira. Kuzungulira, kuzungulira, mtima uli m'mwamba. Kenako mwadzidzidzi nthungululu, ndi mawu a amayi: "Mwanawe, ukutiona?" Misozi inalengeza.

Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene zinkachitika m'masekondi amenewo, chifukwa mbiri yake ndi ya zaka zoposa 10.

Makolo athu amene anabwera kunja kuno kale ankagula makadi okala, kuimba kumudzi diso lili pa wotchi. Mu 2003 kunabwera Skype, ndipo zinthu zinasintha. Koma Skype inali ngati mudzi wa mpanda: kuti muonane pa vidiyo, nonse awiri munkayenera kukhala ndi pulogalamu yawo, ndipo chinsinsi cha mmene inkagwirira ntchito chinali cha eni ake. Browser payokha sinkatha kutumiza mawu kapena nkhope popanda kuiwonjezera tina ngati Flash.

Mu 2010 Google inagula kampani yotchedwa Global IP Solutions, akatswiri a mawu ndi vidiyo pa intaneti. Chaka chotsatira, mu 2011, inatsegula luso limenelo kuti aliyense aligwiritse ntchito mwaulere, n'kulitcha WebRTC. Komabe kupereka mphatso n'kosavuta, chovuta n'kugwirizanitsa makampani opikisana. Mu February 2013 ndi pamene Chrome ndi Firefox zinaimbirana koyamba. Apple inadzalowa mochedwa, mu 2017, ndi Safari 11. Ndipo pa 26 January 2021, anthu kuno ali pa tchuthi cha Australia Day, mabungwe a W3C ndi IETF analengeza kuti WebRTC tsopano ndi muyezo wovomerezeka. Ukatsegula Google Meet kapena Jitsi mu browser, ndi chimenecho chikugwira ntchito.

Nanga chimayenda bwanji? Taganizirani za chinkhoswe chomwecho. Mabanja awiri osadziwana sangangodzukirana, pamafunika ankhoswe. Laputopu yanga imalemba kalata yofunsira, amaitcha offer: "Ine ndili ndi kamera ndi maikolofoni, mawu ndimawapakira mwakutimwakuti." Pali server imene imanyamula kalatayo kukapereka ku Mchinji. Foni ya msuweni wanga imayankha ndi answer: "Izi ndavomera, izi sindingathe." Server ija ndiye nkhoswe. Ntchito yake ndi kukumanitsa basi, nkhani za m'nyumba si zake.

Vuto lalikulu ndi la keyala. Makeyala akale a intaneti, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, osakwanira zipangizo zonse za padziko. Choncho mafoni ambirimbiri amabisala kuseri kwa keyala imodzi ya kampani ya netiweki, ngati malendi ambiri pa geti imodzi. Njira imeneyi amaitcha NAT. Foniyo sidziwa n'komwe kuti akunja amaiona ili pati. Ndiye imafunsa server ina, ya STUN, ngati kufunsa munthu wodutsa mumsewu kuti, "Pepani, geti yathuyi yalembedwa nambala yanji?" Mbali zonse ziwiri zikasonkhanitsa makeyala awo zimapatsana kudzera mwa nkhoswe uja, n'kuyamba kugogoda khomo lililonse mpaka lina litatseguka. Kugogoda kumeneku dzina lake ndi ICE. Makomo onse akakana, pamabwera server ya TURN, yomwe imanyamula mawu ndi zithunzi zonse kuchoka uku kupita uko. Koma ngakhale pamenepo imanyamula kalata yomata, chifukwa lamulo la WebRTC ndi lakuti zonse ziziyenda zokhomedwa.

Mtunda nawonso ulipo. Pa mapu Perth ndi Africa zangoyang'anana, pakati pali Indian Ocean basi. Koma zingwe za pansi pa nyanja zochoka kuno zimalowera ku Singapore, china ku Oman, ndipo Malawi, poti alibe doko la kunyanja yamchere, amadalira zingwe zodutsa kwa anansi monga Tanzania ndi Mozambique. Mawu a amayi amazungulira kutali asanandifike. Mu 2024 Google inalengeza za chingwe cha Umoja, chochokera ku Kenya kudutsa ku Zambia ndi Zimbabwe mpaka South Africa, kenako kuwoloka nyanja kubwera ku Australia.

Tsiku lija, pa nthawi yopereka nkhuku, chithunzi chinauma. Nkhope ya amalume inangoti njo, pakamwa pali yasa. Koma mawu sanaduke. Chifukwa chake ndi Opus, njira yopakira mawu imene inavomerezedwa mu 2012, yomwe imatha kudzichepetsa mpaka 6 kbps netiweki ikafooka. Ndinauza msuweni kuti azimitse kamera, ndipo malangizo onse a ankhoswe ndinawamva bwinobwino. Inunso mukamaimba kumudzi zikavuta, yambani mwazimitsa vidiyo.

Chimene chimandikhudza ndi ichi. Skype, imene Microsoft inagula mu 2011, inatsekedwa mu May 2025. Inali ya mwini mmodzi, ndipo mwini atati basi, zinathera pomwepo. WebRTC ndi pangano la ambiri, lolembedwa poyera. Pulogalamu imodzi ikafa, mnyamata wa ku Lilongwe kapena mtsikana wa ku Mirrabooka angathe kumanga ina pa pangano lomwelo. Kwa ife amene maukwati, maliro ndi ana obadwa kumene timawaonera pa sikirini, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Lamulungu lino muwaimbire amayi, ndipo kachizindikiro kaja kakayamba kuzungulira, musadule msanga. Ankhoswe akukambirana.