Nkhani yophiphiritsa

Nkhani yophiphiritsa, imene pa Chingerezi amati allegory, ndi nkhani, ndakatulo kapena sewero lokhala ndi matanthauzo awiri: loonekera poyera ndi lobisika. Atengambali, malo ndi zochitika zake zimaimira anthu enieni, makhalidwe kapena nyengo ina ya mbiri. Mawu a Chingereziwa anachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza kunena china pofuna kutanthauza china. Imasiyana ndi chizindikiro wamba chifukwa tanthauzo lobisikalo limayenda kuyambira poyamba mpaka pamapeto pa nkhani.

Zitsanzo

Buku la Animal Farm la George Orwell, lomwe linatuluka mu 1945, limakamba za ziweto zomwe zinathamangitsa mwini famu n'kuyamba kudzilamulira zokha. Nkhaniyi imaimira kuukira boma kwa ku Russia mu 1917 ndi ulamuliro umene unatsatira. Nkhumba yotchedwa Napoleon imaimira Joseph Stalin, pamene Snowball imaimira Leon Trotsky.

Ku Malawi luso limeneli ndi lakale. Mu nthano, Kalulu amaimira munthu wochepa mphamvu koma wochenjera, Fisi amaimira dyera, ndipo Njovu ndi Mkango zimaimira olamulira.

M'nthawi ya chipani chimodzi

Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board lomwe linkaletsa mabuku, mafilimu ndi masewero. Popeza kudzudzula boma la Hastings Kamuzu Banda kunali koopsa, alembi a gulu la Writers Group, lomwe linayamba mu 1970 ku Chancellor College, ankabisa maganizo awo m'nthano ndi m'zinyama. Steve Chimombo anagwiritsa ntchito Napolo, chinjoka chomwe amati chimakhala pansi pa mapiri ndipo chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kusefukiritsa madzi. Owerenga ambiri anamva Napolo ngati mphamvu yowononga ya ndale. Jack Mapanje anatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981, momwe bilimankhwe amakumbutsa za mlembi wosintha maonekedwe kuti apulumuke. Kuphiphiritsako sikunamuteteze mpaka kalekale: anamangidwa mu 1987 osazengedwa mlandu, nakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991.

Kaphunzitsidwe ku sekondale

Silabasi ya Chingerezi imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a MSCE amayendetsedwa ndi MANEB. Sukulu zonse za boma, kuphatikizapo Mwanza Secondary School ndi ma CDSS a m'boma la Mwanza, zimatsata silabasi imodzimodziyo.

Limodzi mwa mabuku omwe akhala akuwerengedwa pa MSCE ndi The Pearl la John Steinbeck la 1947. Kino, mmphawi wa ku Mexico, amapeza ngale yaikulu dokotala atakana kuchiza mwana wake Coyotito yemwe analumidwa ndi chinkhanira. Ngaleyo imabweretsa nsanje, umbava ndi imfa ya mwanayo, ndipo pamapeto Kino amaiponya m'nyanja. Pano ngale ikhoza kuimira chuma chomwe chimalonjeza ufulu koma n'kuwononga banja, ndipo dokotala amaimira atsamunda odyera masuku pamutu eni dziko.

Pozukuta nkhani yotere, wophunzira amayamba wafotokoza zomwe zachitikadi. Kenako amaona zinthu zomwe zikubwerezedwa, amafufuza nthawi imene mlembi ankakhala, ndipo pomaliza amanena tanthauzo lobisika ndi umboni wochokera m'buku. Kuyamba ndi nthano ya Kalulu kumathandiza, chifukwa ophunzira amadziwa kale kuti nthano sikamba za nyama zokha.

Zovuta

Mavuto odziwika ndi kuchepa kwa mabuku, Chingerezi chovuta ndi chizolowezi choloweza manotsi osawerenga buku lenilenilo. Vuto lina ndi kukakamiza tanthauzo pa chilichonse, chonsecho si nkhani iliyonse imene imaphiphiritsa. Tanthauzo limalandirika pokhapokha ngati likugwirizana ndi zochitika za m'nkhani yonse.