Tsoka la chigayo limanunkha

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma mbiri ya chigayo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ikutsutsa mwambiwu. Kale mtondo ukayamba mng'alu, mayi ankauona ndi maso. Zitafika zigayo za dizilo, wogayitsa ankamva matenda a injini m'kaliridwe kake ndi kuwaona mu utsi. Magetsi a ku Nkula anayamba mu 1966, ndipo ndondomeko ya MAREP, yofikitsa magetsi kumidzi, inayamba mu 1980. Mawaya atafalikira m'misika ya kumidzi, eni zigayo ambiri anasiya dizilo n'kugula mota. Phokoso linachepa, koma matenda a makina anabisala mkati, ndipo luso lowazindikira msanga silinakule limodzi ndi luso lokonza.

Mota siipsa tsiku limodzi. Mawaya a kopa okulungidwa mkati mwake amakutidwa ndi vanishi kuti asakhudzane, ndipo chimene chimakalamba ndi vanishiyo. Fumbi la mgaiwa limatseka mipata yolowera mphepo, chinyezi cha dzinja chimalowa mota ikagona, fezi imodzi mwa zitatu za magetsi ikachoka ziwiri zotsalazo zimasenza katundu yense. Amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa vanishi umatsika ndi theka. Mota ikapsa, mmisiri wa pa Mponela amadula mawaya akuda, kuwerenga mizere yake n'kukulunga atsopano. Ndi luso lotamandika, koma limafika maliro atachitika kale.

M'majenereta akuluakulu, onga amene kampani yopanga magetsi ya EGENCO yakhala ikuyendetsa pa Shire kuyambira 2017, matendawa amadziulula mwanjira ina. M'timipata ta mpweya totsala m'zokutira mawaya mumabuka timbaliwali tosaoneka, todya zokutirazo pang'onopang'ono, ndipo zilipo zipangizo zotiwerenga makina ali mkati mogwira ntchito. Wina anganene kuti izi sizikhudza chigayo cha pa Malomo, chifukwa timbaliwalito timafuna mavoti zikwi zingapo pomwe chigayo chimayendera mavoti 400, ndiponso zipangizozo n'zodula. Akunena zoona, koma mfundo yake njoyenera kulikonse: zokutira zimachenjeza zisanafe. Kachipangizo ka Megger kamayeza vanishi m'mphindi zochepa, kupukuta fumbi sikulira ndalama, ndipo mota yodwala imatentha dzanja n'kutulutsa fungo la vanishi yowauka. Wogayitsa wa dizilo ankazimitsa injini utsi ukasintha. Wa magetsi nayenso azimitse mphuno ikamuuza, ngakhale amayi ali pamzere ndi matumba awo.