Chofiira cha m'magazi: mbiri ya heme

M'chaka cha 1847, Rudolf Virchow, dokotala wachinyamata amene ankapima mitembo pachipatala cha Charité ku Berlin, anayang'anitsitsa malo amene magazi anatayikira m'kati mwa thupi kalekale. M'magazi oundanawo anapezamo timiyala tachikasu chofiirira, toonekera pa maikulosikopu pokha. Anatitcha hematoidin, ndipo anati tiyenera kuti tili pachibale ndi utoto wa mu ndulu. Analasa. Chikasu chimene chiwindi chimataya chimachokera ku magazi otha ntchito.

Chimene chimasweka n'kusanduka chikasucho ndi heme, kanthu kamene kamafiiritsa magazi. Pakati pake pamakhala ayironi, amene amanyamula okosijeni m'mapapo n'kukamutula m'minofu. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, ndipo pa sekondi iliyonse thupi la munthu wamkulu limaphwanya maselo otere pafupifupi 2 miliyoni, makamaka m'kapamba ndi m'chiwindi. Hans Fischer wa ku Munich anapanga hemin, mtundu wina wa heme, mu labotale mu 1929, chaka chotsatira n'kulandira mphoto ya Nobel.

Heme akakhala m'selo mwake savuta. Akatayika, kaya pa bala, kaya chifukwa cha malungo kapena matenda a sickle cell, amalowerera m'makungu a maselo ena, ndipo ayironi wake amabala tizinthu tolusa ta okosijeni timene timadya mafuta, mapuloteni ndi DNA monga dzimbiri limadyera lata. Izi ndi zimene madokotala amati oxidative stress. Maselo oyera nawo akamva heme amadzuka, mitsempha imatupa, magazi amayamba kuundana pamene sayenera. N'chifukwa chake m'magazi mumayenda mapuloteni awiri otola zotayikazi, haptoglobin ndi hemopexin, koma maselo akasweka ambiri nthawi imodzi, awiriwa amatha.

Kwa zaka zoposa 100, chilichonse chotuluka mwa heme chinkatengedwa ngati zinyalala, ndipo sitingawanene madokotala a nthawiyo. Bilirubin, utoto wachikasu uja, akachuluka mwa khanda amaononga ubongo. Mu 1956 namwino Jean Ward wa pachipatala cha Rochford ku England anaona kuti makanda obadwa masiku asanakwane amene ankawatulutsa padzuwa ankachoka chikasu pakhungu poonekera, pomwe pamene panafundidwa nsalu pankatsala pachikasu. Nyale za buluu za m'zipatala zathu zinayambira pamenepo. Chotuluka china chinali choopsa kuposa pamenepa: mu 1949 Torgny Sjöstrand wa ku Sweden anasonyeza kuti thupi limapanga lokha carbon monoxide, mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'mwezi wa June.

Mu 1968, ku San Francisco, Raimo Tenhunen, Harvey Marver ndi Rudi Schmid anapeza enzaimu imene imadula heme, yotchedwa heme oxygenase. Ikadula pamatuluka zitatu: ayironi, carbon monoxide, ndi biliverdin wobiriwira amene amasanduka bilirubin. Munthu akamenyedwa, magazi n'kuundana pansi pa khungu, kusintha kwa maonekedwe a malowo pakamapita masiku ndi ntchito ya enzaimuyi.

Maganizo anayamba kutembenuka mu 1987, pamene Roland Stocker ndi anzake ku Berkeley anaonetsa kuti bilirubin wochepa amazimitsa tizinthu tolusa tija. Mu 1989 Stephen Keyse ndi Rex Tyrrell anapeza kuti maselo a khungu akapsa ndi cheza cha dzuwa amachulukitsa enzaimu yomweyo kuti adziteteze. Koma amene anagwetsa chiphunzitso chakalecho ndi mwana.

Anali mnyamata wa ku Japan, ndipo nkhani yake inalembedwa mu 1999 ndi Akihiro Yachie ndi anzake a ku Kanazawa. Ankadwaladwala kuyambira ali wamng'ono: kutentha thupi, zotupa pakhungu, kupinimbira. Maselo ake ofiira ankasweka mosalekeza. Dokotala aliyense amadziwa kuti munthu wotero amachita chikasu, koma bilirubin wa mwanayu anali wotsika. Heme anadzaza m'magazi mwake, ayironi anaunjikana m'chiwindi ndi mu impso, mitsempha inali yoonongeka m'kati. Anabadwa wopanda enzaimu ija, mtundu wake wotchedwa HO-1, ndipo anamwalira ali ndi zaka 6. Ine ndimaona kuti madokotala amene anaima n'kufunsa chifukwa chimene chikasu sichinabwere anachita ntchito yaikulu kuposa ofufuza ambiri otchuka. Chimene chinasowa mwa mwanayo ndi chomwe anzawo ankachitcha zinyalala.

Kwa ife, nkhaniyi imafika pakhomo kudzera m'malungo. Kachirombo ka malungo kamadya hemoglobin, puloteni ya m'maselo ofiira imene imasunga heme, koma nako kamaopa heme, motero kamamuumba kukhala timibulu takuda. Timibuluti ndi tomwe Alphonse Laveran anaona m'magazi a wodwala ku Constantine, Algeria, mu 1880, tsiku limene anatulukira kachiromboko, ndipo chloroquine amapha poletsa kuumbako. Mu 2007 gulu la Miguel Soares ku Portugal linapumitsa mbewa zodwala malungo mpweya wochepa wa carbon monoxide, ndipo mbewazo zinapulumuka ku malungo a mu ubongo ngakhale tizirombo sitinachepe m'magazi. Mpweyawo unkamatirira hemoglobin, heme osatayika.

Apa m'pofunika kudekha, poti mbewa si mwana. Kafukufuku wa ana a ku Gambia, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti ana amene matupi awo amapanga HO-1 wambiri ndiwo ankadwala malungo aakulu. Enzaimuyo ikapitirira muyezo imamasula ayironi wochuluka, amenenso amaononga. Ofufuza tsopano akuyesa njira zina, monga kupatsa odwala sickle cell hemopexin kuti atole heme asanalowe m'mitsempha, koma mwana wa malungo aakulu akafika kuchipatala lero, chimene chimamupulumutsa chikadali jakisoni wa artesunate ndi kumuika magazi msanga.