Tsiku limene ndinasandutsa Bandawe kukhala dokotala



Sabata yatha ndimakonza manotsi a History a Fomu 4 pa kompyuta. Ndinafuna kuti paliponse pamene palembedwa Banda pakhale Dr Banda, ndiye mu Word ndinadina Ctrl ndi H, kenako Replace All. Powerenganso ndinapeza kuti mishoni ya Livingstonia inasamuka ku Cape Maclear mu 1881 kupita ku "Dr Bandawe", isanakwere ku Khondowe mu 1894! Vutoli ndi laling'ono. Mukachonga kabokosi ka Find whole words only, kompyuta imasiya mawu amene angofanana zilembo zoyamba.

Koma vuto lachiwiri lilibe kabokosi. Ndinalamulanso kuti Nyasaland yense akhale Malawi, poganiza kuti ana amva msanga. Pompo m'manotsi munabadwa "Malawi African Congress" ya 1944 ndi chitaganya cha "Rhodesia and Malawi" cha 1953, zinthu zimene sizinakhaleko.

Dzina lililonse lili ndi nthawi yake. Dziko lino linkatchedwa British Central Africa kuyambira 1893, linakhala Nyasaland mu 1907, ndipo linakhala Malawi pa 6 Julayi 1964. A Levi Mumba, mwana wa kumpoto konkuno, anali pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Atsamunda analetsa chipanichi mu Malichi 1959, ndipo chaka chomwecho a Orton Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party. Mwana amene wawerenga Malawi m'maina onse awiri sangaone kuti pakati pake panali State of Emergency, pamene anthu anamangidwa ndipo ena anawomberedwa ku Nkhata Bay. Pa mayeso a MSCE asakaniza zipani ziwirizi, ndipo wolakwa ndine.

Titalandira ufulu, boma nalo linasintha maina. Fort Hill inakhala Chitipa, Deep Bay inakhala Chilumba, Fort Johnston inakhala Mangochi, Fort Manning inakhala Mchinji, ndipo Port Herald inakhala Nsanje. Zinali zoyenera, chifukwa ambiri mwa mainawo ankalemekeza atsamunda. Komabe wophunzira amene sadziwa dzina lakale akatsegula buku la nthawi imeneyo, sadziwa kuti Fort Hill ndi kwawo komwe.

Tsono ndabwerera ku batani la Find Next. Limaima pa dzina lililonse, ine n'kudzifunsa kuti chiganizochi chikukamba za chaka chanji. Ngati ndi 1964 isanafike, Nyasaland amakhala pomwepo, ndipo pa malo monga Deep Bay ndimawonjezera kuti lero ndi Chilumba. Ntchitoyi inanditengera madzulo awiri, osati mphindi imodzi.

Inu amene ndinakupatsani kale manotsiwa pa flash, chonde afufuteni. Okonzedwa bwino ndibweretsa Lolemba.