Nanzikambe ndi Napolo: Alembi a ku Chancellor College m'Nthawi ya Chipani Chimodzi

M'chaka cha 1970, pamene Chancellor College idali ikadali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ophunzira owerengeka pamodzi ndi aphunzitsi awo ena adayamba kukumana madzulo kamodzi pa sabata kuti aziwerengerana zimene alemba. Gululi adalitcha Writers Group. Ena mwa amene adadziwika nalo m'zaka zoyambirira ndi Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo ndi Felix Mnthali, komanso aphunzitsi ochokera kunja monga David Kerr ndi Landeg White. Mlembi ankawerenga mokweza ndakatulo kapena nkhani yake yaifupi, ndipo anzake ankaipeta monga apetera mphale palichero, osayang'ana kuti mwini wake ndi mphunzitsi kapena wophunzira. Pofika chaka cha 1971 adali atatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Koleji itasamukira ku Zomba mu 1973, gululi lidasamuka nayo.

Nthawiyo idali yovuta kwa munthu wogwira cholembera. Dziko lidali pansi pa chipani chimodzi kuyambira mu 1966, ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhala pulezidenti wamuyaya. Lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, masewero, nyimbo ndi mafilimu, lomwe lidali ndi mphamvu yoletsa chilichonse chimene silidakondwere nacho. Akazitape adali ponseponse, ngakhale m'zipinda zophunzirira. White adathamangitsidwa m'dziko muno mu 1972, Chipasula adathawira ku Zambia, ndipo Mnthali adatsekeredwa mu 1976 popanda kuzengedwa mlandu. Kodi amene adatsala akadalankhula bwanji?

Yankho adalipeza kumudzi. Makolo adali kale ndi njira yonenera zowawa popanda kutchula dzina. Mayi wodandaula ndi khalidwe la mwamuna wake ankaimba nyimbo pamtondo, mudzi wonse nkumva, koma mwamunayo sakadamutengera kubwalo chifukwa nyimboyo imanena za mbalame kapena za mtengo. Mikuluwiko, zining'a ndi nthano zidali ndi ntchito yomweyo. Alembi a ku Chancellor College adatola luso limeneli nkulilowetsa m'ndakatulo za Chingerezi.

Mapanje adasankha nanzikambe. M'nthano zakale, nanzikambe ndiye adatumidwa ndi Chauta kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma adayenda mozengereza mpaka buluzi adamupitirira ndi uthenga wa imfa. Ndi kanyama koponda mosamala, kosintha maonekedwe malinga ndi pamene kaima, kotha kuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Mlakatuli wa masiku amenewo adayenera kukhala wotero. Mapanje adalembanso za dzenje la Chingwe la paphiri la Zomba, limene mbiri imati anthu osafunika ankaponyedwamo. Wowerenga wochenjera sankasowa womuuza kuti anthu adali kusowabe.

Chimombo adatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula nthaka nkukokolola midzi. Anthu a ku Zomba ankakumbukirabe chigumula cha mu 1946. Napolo safunsa, sachenjeza, sazengedwa mlandu. Akadutsa, opulumuka amangonong'onezana. Ndakatulo zimenezi zidatuluka m'buku la Napolo Poems mu 1987. Chimombo yemweyo adali atalemba kale sewero la The Rainmaker, lofalitsidwa mu 1978, lonena za M'bona, mlosi wa mvula amene adaphedwa chifukwa cha nsanje ya olamulira. Munthu wa bungwe lounika mabuku akafunsa, mlembi ankangoyankha kuti akusunga miyambo ya makolo. Pamenepa ndiye padagona nzeru, pakuti boma lomwelo ndilo linkalimbikitsa anthu tsiku ndi tsiku kuti asunge chikhalidwe chawo. Nkhani zazifupi nazo zidayenda m'njira yomweyo, monga za m'buku la Ken Lipenga la Waiting for a Turn la mu 1981.

Komabe njira imeneyi idali ndi mtengo wake, ndipo sibwino kuubisa. Chinsalu chimene chidaphimba kazitape m'maso chidaphimbanso wowerenga wamba. Ndakatulo zambiri zidali zolimba kotero kuti ngakhale ophunzira a ku koleji ankavutika kuzimasulira. Kuwonjezera apo zidali m'Chingerezi, chilankhulo chimene anthu ambiri a kumudzi, eni ake a Napolo ndi nanzikambe, sankachiwerenga. Nyimbo ya pamtondo imamveka mudzi wonse, pomwe ndakatulo izi zinkamveka m'chipinda chimodzi cha ku Zomba ndi m'masukulu a ukachenjede a kunja. Ena amati mwina nchifukwa chake boma lidazilekerera kwa zaka zingapo.

Kulekererako kudali ndi malire. Buku la Mapanje la Of Chameleons and Gods lidasindikizidwa ku London mu 1981 ndipo lidatchuka kunja. Mu 1985 lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku m'dziko muno. Pa 25 September 1987 apolisi adamugwira Mapanje ku Gymkhana Club mumzinda wa Zomba, ali mkulu wa gawo la Chingerezi pakolejipo. Adamutsekera kundende ya Mikuyu kwa zaka zitatu, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 16 osauzidwa mlandu wake. M'ndendemo cholembera ndi pepala zidali zoletsedwa, choncho ndakatulo zambiri ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu, monga ankachitira alakatuli akale asadadziwe kulemba. Alembi a m'maiko ambiri adakuwa mpaka adamasulidwa mu May 1991. Adapita ku England ndi banja lake, ndipo mu 1993 adatulutsa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. M'buku limeneli nanzikambe adavula maonekedwe ake: ndende, alonda ndi ozunza adatchulidwa poyera.

Pa nthawiyo mphepo idali itatembenuka. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya pa 8 March 1992 idawerengedwa m'matchalitchi m'zilankhulo za anthu, ndipo idanena mosaphiphiritsa zimene alakatuli adakhala akuphiphiritsa kwa zaka makumi awiri. Pa 14 June 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri. Kuyambira pamenepo udindo wodzudzula olamulira udagwera kwambiri oimba. Lucius Banda, yemwe adakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka, adatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994, ndipo nyimbo zake za m'Chichewa zidafika m'minibasi, m'misika ndi m'magolosale momwe buku la ndakatulo silidafikeko. Chimombo sadachoke m'dziko muno. Adapitiriza kuphunzitsa ku Zomba, kusindikiza magazini ya zaluso ya WASI ndi kulembabe za Napolo. Adamwalira mu 2015.